Chinkhwe cha pakhonde ndi mphako ya kunkhalango

Chinkhwe si chiweto. Mawu amenewa akhoza kumupweteka munthu amene wasunga mbalameyi pakhonde kwa zaka zambiri, imene imamulonjera m'mawa ndi kumuitana dzina akamachokera kudimba, koma nkhani yonse ya kasungidwe ka zinkhwe yagona pomwepa. Nkhuku, nkhunda ndi abakha zakhala m'manja mwa anthu kwa mibadwo yosawerengeka, ndipo m'mibadwo yonseyo anthu ankasiya zofatsa, zoikira mazira ambiri ndi zosathawa pakhomo kuti ndizo ziswane, mpaka chibadwa chake chinasintha. Chinkhwe chimene mnyamata angachitape mu mphako kufupi ndi Furancungo, kapena kuchikola ndi ulimbo pamtengo wa masuku ku Chidzolomondo, sichinadutse njira imeneyo. Ngakhale chija chobadwira m'khola ku Johannesburg, nthawi zambiri agogo ake anali a m'nkhalango. Thupi lake, njala yake, mantha ake ndi nzeru zake zonse n'zakutchire, ndipo waya wa khola sasinthapo kanthu. Choncho amene akufuna kudziwa kadyetsedwe ndi kaphunzitsidwe ka chinkhwe ayambe wafunsa mmene chimakhalira kumene chinachokera. Munthu akalifufuza bwino yankho la funso limenelo amapeza zinthu ziwiri nthawi imodzi: njira yosamalira mbalame imene ili kale m'manja mwake, ndi chifukwa chosagulira ina yogwidwa kutchire.

Dera la Tsangano ndi Macanga, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, lili pamalo pamene mitundu ingapo ya zinkhwe imayandikana. Kumtunda, kumapiri ozizira a mbatatesi ndi tirigu, kuyambira ku Ntengo-wa-Mbalame mpaka kumalire ndi Ntcheu, nkhalango yambiri inasanduka minda kalekale. Chakumadzulo, ku Macanga, mitengo ya mombo, misuku ndi miula ikadalipo ndithu, ndipo nkhalango yotere ndiyo kwawo kwa chinkhwe chaching'ono chotuwira kumsana, chobiriwira kumimba, chachikasu m'mapewa, chimene mabuku a sayansi amachilemba kuti Poicephalus meyeri. Tsidya la Malawi chimapezeka ku Dzalanyama ndi ku Kasungu. Palinso mkulu wake, Poicephalus fuscicollis, wa mutu wotuwa ndi mlomo waukulu wotha kuswa njere zolimba, amene wamkazi wake amakhala ndi nthenga zofiirira pamphumi. Ameneyu sakhazikika malo amodzi. Craig Symes ndi Mike Perrin, amene anafufuza mbalameyi kumpoto kwa South Africa, anapeza kuti imaswa ana m'mphako za milambe kumalo otsika ndi otentha, kenako imauluka mtunda wautali kukafuna maula kumene akupsa, ndipo chimene imafuna kwenikweni ndi cham'kati mwa njere, osati mnofu wa chipatso. Izi zikutiuza kuti gulu la zinkhwe limene lingaoneke pamuula kumtunda miyezi yotentha likhoza kukhala lobadwira kuchigwa. Mlambe wa kumunsi ndi muula wa kumtunda zimadyetsa mbalame imodzimodzi, ndipo chimodzi chikagwa chinzake sichikwanira.

Kumunsi kwenikweni, kuchigwa cha Zambezi kumene kumamera mitengo ya tsanya, kuli kachinkhwe kakang'ono kobiriwira, kofiira mlomo ndi kumaso, ka mzere woyera kuzungulira diso. George Ernest Shelley anakalemba m'mabuku m'chaka cha 1894 ndi kukatcha Agapornis lilianae, potengera dzina la Lilian Sclater. Kamapezeka m'chigawo cha Tete, m'chigwa cha Luangwa ku Zambia, kumpoto kwa Zimbabwe, kum'mwera kwa Tanzania, ndiponso ku Liwonde ku Malawi. M'chaka cha 2004 akatswiri anayerekeza kuti tonse pamodzi sitinkafika 20,000. Katswiri wa mbalame wa ku Malawi, Tiwonge Mzumara-Gawa, anafufuza moyo wa timbalameti ku Liwonde ndipo anaonetsa zinthu ziwiri zofunika kwambiri. Choyamba, timagona ndi kuswa m'mphako za mitengo ikuluikulu ya tsanya, osati m'zitsamba zophukira pachitsa. Chachiwiri, popeza timayenera kumwa madzi tsiku ndi tsiku, timafa tambirimbiri opha nyama mozemba akathira mankhwala akupha m'zithaphwi nthawi ya chilimwe, ngakhale kuti iwo amakhala akufuna nyama ndi mbalame zina. Tsanya yemweyo ndi amene owotcha makala amamukonda chifukwa cha kulimba kwake, ndipo m'chigawo cha Tete zipika zake zakhala zikudulidwa ndi kutumizidwa kunja, makamaka ku China.

Mphako ndiyo msana wa nkhaniyi. Zinkhwe za kuno siziluka chisa panthambi, ndipo siziboola mtengo monga amachitira gogomole. Zimadikira kuti nthambi ithyoke, chiswe ndi mvula zidye m'kati, papite zaka, kufikira bowo litakula mokwanira. Mtengo wa mphako yabwino ndi mtengo wokalamba, ndipo sungadzalidwe lero n'kugwira ntchito chaka chamawa. Kuwonjezera apo, chinkhwe sichiswa mofulumira. Za mtundu wa Poicephalus zimaikira mazira awiri, atatu kapena anayi kamodzi pachaka, m'nyengo yopanda mvula, zimafungatira pafupifupi mwezi wathunthu, ndipo ana amakhala mu mphako miyezi iwiri kapena kupitirira asanauluke. Mpheta ikhoza kutaya ana lero n'kuswanso mwezi wamawa. Chinkhwe chikataya ana, chaka chapita. Tsono wotapa ana kawirikawiri sakwera ndi manja okha. Amakulitsa bowo ndi nkhwangwa kuti dzanja lilowe, kapena amagwetsa mtengo wonse, ndipo potero amatenga ana a chaka chino pamodzi ndi a zaka makumi zikubwerazo. Wofula njuchi akatentha ndi kugwetsa mtengo wa mphako amachita chimodzimodzi osadziwa. Zigafa za fodya, zimene ku Macanga n'zambiri, zimadya milimo ndi mitanda chaka ndi chaka, minda yatsopano ikutsegulidwa, makala akupita kutauni. Palibe mmodzi mwa anthu amenewa amene amadana ndi chinkhwe, koma zochita zawo zikaphatikizana zimachisowetsa pogona.

Chimene chimakopa anthu pa chinkhwe ndi nzeru zake, ndipo nzeruzo si nthano. Irene Pepperberg anagula chinkhwe chotuwa cha ku Africa m'sitolo ya ziweto ku Chicago m'chaka cha 1977, anachitcha Alex, ndipo anagwira nacho ntchito mpaka chinafa mu 2007 chili ndi zaka 31. Alex ankadziwa mawu opitirira 100, ankatha kutchula mtundu wa chinthu ndi maonekedwe ake, kuwerenga zinthu mpaka zisanu ndi chimodzi, ndiponso kunena ngati zinthu ziwiri zikufanana kapena kusiyana. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti ngakhale ubongo wa chinkhwe ndi waung'ono, timinyewa toganizira tinathithikana m'menemo kwambiri moti chiwerengero chake chimafanana ndi cha anyani ena a mitu ikuluikulu. Ku Venezuela, Karl Berg ndi anzake anapeza mu 2011 kuti ana a tizinkhwe tina amaphunzira kwa makolo awo kaliridwe kodzizindikiritsa nako akadali mu mphako, kamene amakagwiritsa ntchito m'gulu moyo wawo wonse. Apa mpamene pali gwero la kulankhula kwa chinkhwe. Kutchire chimatsanzira mawu a mnzake wa ukwati ndi a gulu lake kuti chidziwike kuti ndi cham'banjamo. Chikatsekeredwa pakhonde, gulu lokhalo limene latsala ndi anthu a panyumbapo, choncho chimatsanzira iwo, pamodzi ndi tambala, foni ndi chitseko cholira. Chinkhwe cholankhula chimakhala chikufunafuna anzake ndi chida chokhacho chimene chili nacho.

Ndiye taganizani za tsiku la mbalame yotere kutchire. Imadzuka mbandakucha, imaitanizana ndi gulu, imauluka makilomita angapo, imatha maola ambiri ikukwera nthambi, kusankha chipatso, kuchigwira ndi phazi limodzi, kuswa, kusenda, kutaya, kutenga china. Masana imapuma ndi kupesana nthenga ndi mnzake, madzulo imadyanso, imamwa, imabwerera kogona. M'khola, zonsezi zimalowedwa m'malo ndi kambale kodzaza mpendadzuwa, kamene kamatha pa mphindi zochepa. Maola otsalawo mbalame ilibe chochita. Ili ngati mlimi wamphamvu amene amumanga manja mvula yoyamba itagwa, n'kumamupatsa nsima katatu patsiku ndi kudabwa kuti bwanji sakusangalala. Zotsatira zake madokotala a zinyama amazidziwa bwino: kukuwa kosalekeza, kuyenda uku ndi uku pakamtengo kamodzi, kuluma, ndipo choipitsitsa, kudzizula nthenga mpaka pachifuwa kutsala khungu lokha. Chinkhwe cha kutchire chathanzi sichichita zimenezi. Mankhwala ake enieni ndi kuibwezera mbalame ntchito yake. Chakudya chikulungidwe m'makoko a chimanga, chilowetsedwe m'mabowo a kachipika kapena m'chitsononkho, chipachikidwe pamwamba kuti mbalame ikwere. Nthambi zaziwisi za gwafa, mabulosi kapena bulugama, zosapoperedwa mankhwala, ziikidwe m'khola kuti izisenda ndi kuziwononga, pakuti mlomo wa chinkhwe umakula moyo wonse ndipo kuwononga ndiyo ntchito yake. Ofufuza anaona kuti zinkhwe, zikapatsidwa chakudya cha m'mbale ndi china chofuna kuvutikira, zimasankhabe kuvutikira china mwa chakudya chawo. Zonsezi sizilira ndalama. Zimalira munthu woganizira mbalameyo m'mawa uliwonse kwa zaka makumi awiri kapena atatu, ndipo chimenechi ndicho chodula.

Pa chakudya, cholakwika chofala ndi kudyetsa mpendadzuwa ndi mtedza zokhazokha chifukwa ndizo mbalame imathamangira. Zimenezi zili ndi mafuta ambiri, koma zilibe vitamini A wokwanira ndiponso kashiamu, ndipo pakapita zaka chiwindi chimadzala mafuta, mphuno zimatsekeka, nthenga zimafwifwa. Chinkhwe chotuwa chikasowa kashiamu chimatha kugwa khunyu. Mtedza wosungidwa ponyowa uli ndi vuto linanso, la chuku, chimene chimawononga chiwindi ndi kuyambitsa matenda a m'mapapo ovuta kuchiza. Mwamwayi, dimba la ku Tsangano lili ndi pafupifupi zonse zofunika: dzungu, karoti, mbatata yofiira m'kati, masamba obiriwira, chimanga chachiwisi, nsawawa, nyemba zophika bwino, mapira, mawere, magwafa, mapapaya, mapichesi ochotsa njere, ndi zipatso za kutchire monga masuku zikakhala pa nyengo yake. Peyala ndi poizoni kwa chinkhwe ndipo lisayandikire n'komwe khola. Chimodzimodzi chokoleti, khofi, mowa, nyemba zosaphika, mbatatesi yobiriwira, ndi ndiwo zamchere kapena zokazinga zotsala pambale.

Nyumba yathu nayo ili ndi misampha imene mwini wake saiona. Mbalame imapuma mosiyana ndi ife. Kupatula mapapo ili ndi timatumba ta mpweya m'thupi monse, moti utsi umene munthu amangotsokomola nawo umatha kuipha. Khola lisakhale kukhitchini kapena pafupi ndi mbaula, ngakhale m'miyezi ya Juni ndi Julaye pamene kuzizira kwa kumapiri kuno kumanyenga munthu kuti ailowetse mbalame pamoto. Chofunika ndi malo otchingika ku mphepo, ofika dzuwa la m'mawa, okhala ndi mthunzi masana, ndi mdima wopanda phokoso kwa maola khumi kapena kupitirirapo usiku. Waya watsopano wonyezimira uja amakhala wokutidwa ndi zinki, ndipo chinkhwe chikamamutafuna chimadwala pang'onopang'ono. Utoto wakale ndi mabatire zili ndi mtovu, umene ndi woopsa koposa. Khola likhale lalikulu moti mbalame itambasule mapiko ndi kuuluka kuchoka kumtengo wina kupita ku wina, ndipo kutalika kwa m'mbali n'kofunika kuposa kutalika kopita m'mwamba. Pali matenda oyenda pakati pa khola ndi bwalo: chitopa cha nkhuku chimagwiranso zinkhwe, ndipo zinkhwe zimatha kupatsira anthu matenda a chifuwa ndi kutentha thupi kudzera m'fumbi la zitosi zouma. Matenda opatsira anthuwa anavuta ku Ulaya ndi ku America mu 1929 ndi 1930, atabwera ndi zinkhwe za malonda zochokera ku South America. Masiku ano amachizika, koma wodwala chifuwa amene ali ndi chinkhwe pakhomo ayenera kuwauza a chipatala za mbalameyo.

Kaphunzitsidwe nako kamachokera ku chibadwa chomwecho. Kutchire chinkhwe ndi chakudya cha akabawi ndi njoka, choncho dzanja lobwera mwadzidzidzi kuchokera pamwamba limachikumbutsa imfa. Kuchimenya, kugwedeza khola, kuchithira madzi kapena kuchimana chakudya sikuphunzitsa chilichonse kupatula kuti munthu ndi mdani, ndipo chinkhwe sichiiwala msanga. Njira imene imagwira ntchito ndi yolipira chabwino nthawi yomweyo. Mphunzitsi amasunga chakudya chimene mbalame imakonda koposa, monga njere ya mpendadzuwa ija, kuti chikhale malipiro okha. Amaonetsa kandodo, mbalame ikakakhudza ndi mlomo amanena liwu limodzi lomwelomwelo n'kupereka njere pompo, pakuti malipiro ochedwa mbalame siyidziwa kuti ndi a chiyani. Ikazolowera kutsata kandodo, imatsogoleredwa kukwera padzanja, kulowa m'kabokosi konyamulira, kuima pasikelo, kumwa madzi a m'sirinji kuti tsiku lodwala idzamwe mankhwala popanda nkhondo. Zimenezi n'zaphindu kuposa kulankhula. Phunziro likhale la mphindi zochepa, lithe mbalame isanatope. Chinkhwe chisanalume chimachenjeza: nthenga za pakhosi zimaima, diso limanyezimira, thupi limapendekera kutali ndi dzanja, ndipo wolumidwa kawirikawiri ndi amene sanamve chenjezolo. Kukuwa kwa m'mawa ndi madzulo n'kwachibadwa, sikungathe. Koma wothamangira kukhola n'kumakalipa mbalame ikakuwa amakhala akuilipira, chifukwa chimene imafuna ndi choti wina abwere. Kuiyankha ndi kaluzu kofatsa uli kuseri, ndi kubwera pokhapokha ikalira mofatsa, kumasintha khalidwelo. Pepperberg ankaphunzitsa mawu pogwiritsa ntchito anthu awiri, wina kufunsa, wina kuyankha ndi kulandira chinthucho, Alex akuonerera ndi kuchita nsanje. Ndipo achinyamata okonda kuphunzitsa chinkhwe kutukwana akumbukire kuti mbalameyi imakhala zaka zambiri, ndipo tsiku lina idzawalonjera apongozi ndi mawu omwewo.

Wina anganene kuti chinkhwe cha m'khola chili pabwino kuposa cha kutchire: sichigona ndi njala, kabawi sachigwira, ndipo chimakhala moyo wautali. Pali choona m'menemo. Chinkhwe chotuwa chosamalidwa bwino chimatha kufika zaka 40 kapena 50, za mtundu wa Poicephalus zaka 20 kapena 30. Koma amene amawerenga motere amawerenga zopulumuka zokha. Saona ana amene anafa sabata yoyamba chifukwa anadyetsedwa phala lozizira kapena linalowa m'mapapo, saona zimene zinathyoka mapiko pa ulimbo, kapena zimene zinabanika m'katoni pansi pa mpando wa basi. Chinkhwe chachikulu chogwidwa kutchire nthawi zambiri sichizolowera n'komwe. Chimakhala zaka chikunjenjemera pakona ya khola. Ndiponso moyo wautaliwo ndi ngongole kwa mwini wake. Wogula chinkhwe ali ndi zaka 45 aganizire amene adzachisunge iye atapita, pakuti mbalame imene inasankha munthu mmodzi kukhala mnzake imavutika kwambiri ikamasinthidwa manja.

Chotsutsa cholemera kwambiri ndi cha umphawi, ndipo sichiyenera kuyankhidwa mwachipongwe. Mnyamata amene wapeza mphako ya ana atatu amaona makope a kusukulu, sopo, mwina thumba la feteleza, ndipo akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mlimi wa mapira kuchigwa amene gulu la tizinkhwe lamudyera ngala sangamvetse msanga za kuteteza mbalame. Komabe tiyeni tione kumene malonda amenewa amathera, chifukwa kwina anayesedwa kale mpaka pamapeto. Kuyambira 1975, zinkhwe zotuwa zopitirira 1 miliyoni zogwidwa kutchire zinatumizidwa kunja kuchokera ku mayiko a pakati ndi kumadzulo kwa Africa, osawerengera zofera m'njira. Ku Ghana, kafukufuku wa Nathaniel Annorbah ndi anzake anapeza kuti kuchokera 1992 chiwerengero cha mbalamezi chinatsika ndi 90 mpaka 99 pa 100 iliyonse. Otchera misampha a kumeneko sanalemere. Ntchito yawo inatha pamodzi ndi mbalame, ndipo phindu lalikulu linapita kwa ogulitsa a m'mizinda ndi a kunja. Ku Brazil, chinkhwe chabuluu cha Spix chinatheratu kutchire m'chaka cha 2000, ndipo panafunika zaka zoposa makumi awiri ndi ndalama zankhaninkhani kuti zochepa zobadwira m'makola zibwezeredwe kwawo mu 2022. Mbalame yoswa ana atatu pachaka singapirire msika. Kunena za mbewu, kuwononga kwa zinkhwe kumachitika masabata ochepa mbewu zikamakhwima, ndipo kuingitsa kumathandiza monga zimakhalira ndi mbalame zina. Mankhwala akupha amapha nkhanga, njiwa ndi ziweto zomwe, ndipo amafika m'mbale ya munthu wotola nyama yakufayo.

Malamulo anatsata umboni umenewu mochedwa. Pangano la CITES loyang'anira malonda a zamoyo za kutchire linasainidwa ku Washington mu 1973; Mozambique inalowamo mu 1981, Malawi mu 1982. Pafupifupi mitundu yonse ya zinkhwe ili pa mndandanda wake, kutanthauza kuti kudutsa nacho chinkhwe pa Zóbuè, pa Calómuè kapena pa Biriwiri popanda chilolezo ndi mlandu, ngakhale chikhale cha pakhomo. United States inaletsa kuitanitsa mbalame zambiri za kutchire mu 1992, mayiko a European Union anatseka khomo mu 2005 chifukwa cha chimfine cha mbalame ndipo anatsekeratu mu 2007. Mu 2016, pa msonkhano wa CITES ku Johannesburg, chinkhwe chotuwa chinaikidwa pa mndandanda woyamba, umene umaletsa malonda a pakati pa mayiko a mbalame zogwidwa kutchire. Ku Mozambique lamulo la 16/2014, lokonzedwanso ndi la 5/2017, limapereka chilango chofika zaka 16 m'ndende pa malonda a zamoyo zotetezedwa, ndipo ku Malawi lamulo lokonzedwa mu 2017 limafika zaka 30 pa nyama zotetezedwa kwambiri. Koma msilikali wa zachilengedwe sangaime pa mphako iliyonse. Chimene chimatseka msika wa m'mbali mwa msewu ndi kusowa kwa wogula, ndipo wogula mwachisoni, amene amati akupulumutsa kamwana kanjala m'katoni, ndi amene amamutuma mnyamata kukakweranso mtengo chaka chamawa.

Nanga zobadwira m'khola? Apa ndikuvomera kuti mlandu umapepuka. South Africa imaswetsa zinkhwe zotuwa zambiri kuposa dziko lina lililonse, ndipo mbalame yobadwira m'manja mwa anthu siinachotsedwe mu mphako ya wina aliyense. Tizinkhwe ta ku Australia totchedwa budgie, timene John Gould anapita nato ku England mu 1840, takhala tikuswetsedwa m'makola kwa mibadwo yambiri moti tayandikira kukhala chiweto chenicheni. Munthu wofunitsitsa mbalame ya mtundu uwu angachite bwino kuyamba ndi timeneti, tiwiri kapena kupitirira, m'khola lalikulu la panja. Komabe pali zinthu ziwiri zoti asamale. Dzina loti “chobadwira m'khola” n'losavuta kunama, ndipo mbalame za kutchire zakhala zikulowetsedwa m'malonda ndi mapepala abodza. Chobadwira m'khola chenicheni chimakhala ndi mphete yosadula kumwendo, yovekedwa chikadali kamwana, ndi mapepala osonyeza kumene chinachokera. Chinanso, malonda amayendetsa matenda. Kachilombo kowononga mlomo ndi nthenga, kamene kalibe mankhwala, kafalikira m'makola a m'mayiko ambiri ndipo kanapezekanso m'zinkhwe za kutchire za ku Cape ku South Africa, zimene zatsala zosakwana 2,000.

Chifukwa cha matenda omwewo, kutsegula khola ndi kuiulutsa mbalame imene yakhala pakhomo zaka zambiri si chifundo monga mmene kumaonekera. Siyidziwa mitengo ya zipatso ndi nyengo zake, ilibe gulu, mapiko ake ndi ofooka, ndipo ikhoza kupatsira zinzake za kutchire zimene inatenga kwa nkhuku kapena kwa mbalame za m'sitolo. Ikakhala ya mtundu wachilendo vuto limakula: ku Johannesburg ndi ku Durban zinkhwe za mkanda pakhosi zothawa m'makola zinaswana mpaka kukhazikika m'mizindamo, ndipo nazonso zimafuna mphako zomwezo zimene mbalame za kumeneko zimadalira. Amene ali ndi chinkhwe chimene sangathe kuchisamala afunse ku ofesi ya zaulimi ya boma lake, ya SDAE, kapena a ANAC amene amayang'anira malo otetezedwa monga paki ya Mágoè, ndipo tsidya la Malawi kuli nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire ndi bungwe la Lilongwe Wildlife Trust. Amene angathe kuchisamala achisunge, ndi ntchito yonse ija ya nthambi, makoko ndi kandodo.

Kwa anthu ambiri a ku Tsangano ndi Macanga, amene sanasungepo chinkhwe ndipo sadzasunga, gawo lawo lili pa nkhwangwa. Mitengo ikuluikulu ya mphako yatsala makamaka m'malo amene mwambo unaletsa kudula: kumanda, m'mbali mwa mitsinje ina, ndi m'mapiri ovuta kulima. Mafumu ali kale ndi mphamvu pa malo amenewa, ndipo mphamvu yomweyo ikhoza kufika pa miula, misuku, mikuyu ndi milambe yotsala m'minda, imene alimi ambiri amaisiya kale chifukwa cha zipatso zake. Mtengo wouma woimirira, umene aliyense amauona ngati nkhuni zaulere, nthawi zambiri ndi umene uli ndi mphako yabwino koposa. Ming'oma yopachika imapereka uchi chaka ndi chaka popanda kugwetsa mtengo, ndipo milimo ya zigafa ikhoza kuchokera ku mitengo yodzala monga bulugama ndi nsungwi. Ku South Africa oteteza zinkhwe za ku Cape anayesa kupachika mabokosi m'mitengo kuti alowe m'malo mwa mphako, koma mbalamezo sizithamangira kulowamo, ndipo ntchito yawo yaikulu tsopano ndi kudzala mitengo ya m'nkhalango imene idzayambe kukhala ndi mphako odzalawo atakalamba kale.